Kodi nsima ya Lamulungu taphikira chiyani?

Ndandanda wa machimo umene akatekisiti anatiphunzitsa tisanalandire Ukaristia woyamba ndimaukumbukabe. Kutukwana, kuba, kunama, kujomba ku Misa ya Lamulungu, kusamvera makolo, kupita kukaombeza, ndi zija za lamulo lachisanu ndi chimodzi zimene ankazitchula mothamanga, maso ali pansi. Tinauloweza pamtima, ndipo ambirife tikagwada kukonzekera kulapa timayendabe m'ndandanda womwewo, imvi zili mbuu. M'menemo munalibe mtsinje. Munalibe phiri, munalibe dothi, munalibenso malipiro a mtsikana wantchito amene amatsala kunyumba akuchapa ife tikapita kokapemphera. Akatekisiti aja sindikuwanena. Anatipatsa zimene iwonso analandira, ndipo anatipatsa mokhulupirika. Koma munthu amene chikumbumtima chake chinasulidwa pa ndandanda wotere angathe kumeta phiri lonse mpala, n'kulowa m'tchalitchi mtima uli mbee.

Moyo wauzimu ukazirala, Mkatolika wa masiku ano amadziwa kothamangira. Kuli mapemphero ochezera usiku wonse, kuli novena, kuli m'bindikiro, kuli kwaya yogula kiyibodi yatsopano ndi zokuzira mawu zoti a mudzi wachitatu amve. Ena amawoloka msewu kupita kwa aneneri, kumene chitsitsimutso chimayendera jenereta. Zambiri mwa izi ndazilawa, ndipo zina zinandidzutsadi. Kuipa kwake, moto wake suchedwa kuzima. Lolemba m'mawa umapezeka uli yemwe uja, ukunenerera tomato kwa mayi wa pamsika mpaka kumusiya wopanda phindu, kolona ili m'khosi. Kutsitsimuka kumene kwakhalitsa mwa ine kunalowera khomo lina, lonunkha utsi.

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi maboma ena, n'kusiya anthu oposa 200,000 opanda pogona. Mu Juni chaka chomwecho Papa Francis anatulutsa kalata yake yotchedwa Laudato Si', dzina lochokera ku nyimbo yotamanda Mulungu imene Francis Woyera wa ku Assisi anapeka zaka pafupifupi 800 zapitazo. Apapa am'mbuyomo anali atalankhulapo kale za antchito ndi za umphawi, kuyambira Leo XIII mu 1891, ndipo John Paul II ndiye anaika Francis Woyera kukhala nkhoswe ya osamala chilengedwe mu 1979. Koma kalata yathunthu yonena za madzi, mpweya, nthaka ndi zinyalala, yolembera aliyense wopuma pa dziko lino kaya ndi Mkhristu kaya ayi, inali yachilendo. Mfundo yake yaikulu, monga ndinaimvera ine, ndi yakuti kuzunzika kwa nthaka ndi kuzunzika kwa mmphawi zili ndi muzu umodzi, ndipo wofuna kuchiza chimodzi n'kusiya chinacho akudzinamiza. Papa sanathere pomwepo. Anati nkhaniyi ikufuna kutembenuka mtima, kumene timakumva kukulalikidwa pa Lachitatu la Phulusa.

Ku parishi kwathu kalatayo inafika itasanduka tsiku lobzala mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo chaka ndi chaka sitisowa m'gulu. Mbande za kesha ndi bulugamu zimabwera pa lole, Bambo Mfumu amawaza madzi odalitsa, a tcheyamani amagwira khasu atavala jekete, achinyamata amajambula, pofika madzulo zithunzi zili ponseponse pa WhatsApp. Ndiye mudzabwere mu Okutobala. Mbuzi zadya, chiswe chadula, anyamata osaka mbewa atentha tchire, pamene panali mbande patsala timaenje tokha. Disembala wotsatira timabzalanso m'timaenje tomweto. Kubzala ndi chikondwerero cha tsiku limodzi, n'chifukwa chake timakukonda. Kuthirira m'chilimwe, kutchinga ndi minga, kulambula udzu moto usanafike, imeneyo ndi ntchito yopanda kwaya, ndipo palibe amene amaijambula.

Chimene chinandigwedeza ine chinachitika ku mphakati. Miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe anailimbikira kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 mpaka boma la nthawiyo linayamba kuwayang'ana ndi diso lofiira, ili ndi ubwino umodzi umene Misa ya Lamulungu ilibe: munthu amatha kuyankha. Wathu uli kumalire a tauni, kumene nyumba zamalata zimathera n'kuyamba minda, choncho pa mkeka umodzi pamakhala aphunzitsi, anamwino, amayi a geni ndi alimi a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Lamulungu lina madzulo tinawerenga za munthu woyamba uja amene Mulungu anamusiyira munda kuti ausamale. Itakwana nthawi yogawana mawu, mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, anayamba ndi mphamvu.

"Anthu amakalawa atimaliza. Phiri lonse lija aliyeretsa, ndi Mulungu yemwe samuopa. Boma lingowamanga basi."

Ambiri tinavomera ndi mitu. Kumapeto kwa mkeka kunakhala bambo wina amene kawirikawiri salankhula, wa manja okhakhala, mizere ya m'zikhato yakuda mosachapika. Anatsokomola pang'ono, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Pepani amayi, ndingofunsa nawo. Nsima ya masana ano mwaphikira chiyani?"

"Aa, inu bambo, si magetsi anathima kuyambira m'mawa?"

"Ndiye kuti thumba lija ndinakutulirani Lachinayi lagwira ntchito. Zikomo kwambiri."

Tinaseka, amayi ajanso anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Tonsefe tinali titadya nsima ya pa makala tsiku limenelo, titangochoka ku Misa.

Bambowo sanadziikire kumbuyo. Anangofotokoza ntchito yawo mmene ilili. Mitengo yabwino ndi yachilengedwe, tsamba, mombo, muwanga, chifukwa makala ake sanyeka msanga. Ogula a m'tauni akaona a bulugamu amakana, amati ndi opepuka. Umagwetsa, umadula zipika, umasanja, umakwirira ndi udzu ndi dothi, umayatsa, kenaka umagona konko masiku angapo kulondera uvuni, chifukwa ukangobooka n'kulowa mphepo zonse zimasanduka phulusa. Mu uvuni wa dothi wotere, nkhuni zolemera makilogalamu asanu kapena kuposerapo zimatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya makala. Zinazo zimapita ndi utsi, ndipo wina mwa utsiwo umatsala m'chifuwa mwa wotenthayo. Ukafukula, umamanga matumba panjinga, umanyamuka usiku, pachitunda kukankha, potsetsereka kugwira buleki ndi nsapato. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kutentha makala popanda chiphaso, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zinakula. Akakupeza panjira, makala apita, nthawi zina ndi njinga yomwe. Malole odzaza matumba mazanamazana, eni ake osadziwika, iwo amangowaona akudutsa.

"Munda wanga ndi kachigamba," anatero. "Chimanga chimatha mu Ogasiti. Feteleza sindingamukwanitse. Ana akufuna fizi. Mundiuze chochita china, mawa lomwe nkhwangwa ndiipachika."

Palibe anayankha. Wotsogolera anangoyambitsa pemphero lotsekera, ndipo tinalinena mofulumira kuposa masiku onse.

M'dziko muno mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'mizinda, m'nyumba za ife olandira pakutha pa mwezi, enafe magetsi tili nawo. Nkhaniyi imazungulira modabwitsa. Mapiri akayera, mvula imakokolola dothi kulowetsa mu Shire. Matope ndi zinyalala zimaunjikana pa makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi akachepa amathima, akathima timatuma mwana kukagula makala, wamakala amakwera phiri. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake kwa nthawi yoposa chaka. Amakala okha ndiwo angatiuze mmene malonda anayendera miyezi imeneyo. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene a mu Lilongwe amamwa, inafika poti boma litumizeko asilikali kukailondera. Mzinda ukudya nkhalango yomwe imaumwetsa.

Ndiye wochimwa ndani? Wogwira nkhwangwa timamuona, wadetsedwa, akununkha utsi, kumuloza chala sikuvuta. Wogula amavala bwino, amakhala benchi yakutsogolo, amawerenga mawu a Mulungu pa Misa, mtulo wake salumphitsa. Pali wa lole, pali wolandira kangachepe kuti loleyo idutse, pali amene anadya ndalama zimene zikanafikitsa magetsi kumidzi. John Paul II analemba mu 1987 za uchimo umene umakhazikika m'kayendetsedwe ka zinthu, woti aliyense amaikapo dzanja. Uchimo wotere ndi wovuta chifukwa palibe amene amaumva kuti ndi wake, choncho palibenso amene amaunyamula kupita nawo kokalapa.

Akatolika a m'Malawi tili ndi mbiri imene timainyadira, ndipo m'pake. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Inanena poyera zimene anthu ankanong'onezana zitseko zili zotseka: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, sukulu ndi zipatala zoperewera, anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu, mantha olankhula. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Maepiskopi anaitanidwa kupolisi ku Blantyre, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto, Monsignor John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota kuti kukhale zipani zambiri. Akuluakulu a ku parishi kwathu amati sanapempherepo ndi mtima wonse monga anapempherera m'masabata amenewo, akudziwa kuti woyandikana naye pa benchi akhoza kukhala kazitape. Palibe amene anaitanitsa msonkhano wachitsitsimutso chaka chimenecho. Mpingo unanena chilungamo, unachilipirira, ndipo pemphero linadzuka lokha.

Komabe kalata ya 1992 inali ndi mwayi umodzi. Wolakwa anali kunja kwa tchalitchi, ku Sanjika, ndipo ife tonse tinali olakwiridwa. Ulaliki wodzudzula munthu wina umakoma. Nkhani ya chilengedwe ilibe kukoma kumeneko, chifukwa wolalika, womvera ndi woimba kwaya onse ali m'mlandu. Palinso chinthu chowawa chimene sitikonda kuchikumbuka pokamba za 1992: ufulu utangofika, mitengo ya m'phiri la Ndirande inatha m'zaka zowerengeka, anthu akuti nkhalango inali ya Kamuzu, tsopano ndi demokalase. Ufulu umene tinaupempherera, ena tinayamba kuulawa ndi nkhwangwa.

Namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023, nayenso m'nyengo ya Lenti. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe midzi ina inafafanizika. Anthu oposa 1,000 anafa kapena sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anathawa m'nyumba zawo. M'masiku amenewo ndinamva maulaliki a mitundu iwiri, ndipo onse anandisiya ndi njala. Wina unkati Mulungu wakwiya ndi machimo athu. Ngati zinali choncho, mkwiyowo unasankha modabwitsa, chifukwa unadumpha nyumba zamipanda za ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe n'kukagwera omanga pamtsetse. Winawo unkati anthu aja anadziputira okha pomanga m'phiri ndi podula mitengo. Koma ndani amakonda kugoneka ana ake pansi pa thanthwe? Munthu amamanga pamenepo chifukwa puloti ya pachidikha sangaigule. Ku Thyolo ndi ku Mulanje amalima m'mapiri chifukwa nthaka yabwino ili pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni, pa wa 2018 tinalipo 17.5 miliyoni, dziko ndi lomwe lija.

Ilipo ndithu ngongole ya kutali. Mpweya umene ukutenthetsa dziko ndi nyanja, n'kuchititsa anamondwe kubwera ndi mvula yochuluka, Mmalawi anaikapo wochepa kwambiri. Wambiri unachokera m'mafakitale ndi m'magalimoto a maiko olemera. Papa Francis anaitchula ngongole imeneyi mu 2015, ndipo mu Okutobala 2023, miyezi ingapo Freddy atadutsa, analembanso kalata ina yaifupi ndi yaukali, Laudate Deum, yodandaula kuti atsogoleri a dziko akuzengereza. Ndili naye limodzi pamenepo. Ndaonanso komabe mmene mfundo yoona imeneyi imasandukira pobisala. Timaloza ku Ulaya ndi ku America, chonsecho zinyalala za mu mtsinje wa Mudi timataya ndife, ndipo lamulo loletsa majumbo opyapyala, limene linaikidwa mu 2015, linakokedwakokedwa m'makhoti kwa zaka zambiri ndi makampani a konkuno.

Mukamayenda pa msewu wochokera ku Dedza kulowera ku Lilongwe mpaka Kasungu, mudzayang'ane kumene kwatsala mitengo yachilengedwe yowirira. Kawirikawiri mukaona kankhalango kobiriwira pakati pa minda yoyera, pamenepo ndi pamanda. Palibe mlonda, palibe chikwangwani, koma nkhwangwa siifikapo mwachisawawa. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, ya kachisi wa Mbona, yasungika chimodzimodzi. Makolo athu ankadziwa kuti alipo malo amene si a munthu. Amishonale a Katolika, amene anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, analimbana ndi zambiri za kumanda ndi za kudambwe, ndipo Mkhristu watsopano anaphunzira kuti mizimu ya m'nkhalango asaiope. Chimene sanaphunzire mokwanira n'chakuti nkhalangoyo ili ndi mwini wake ndithu. Patapita zaka zambiri mpingo unabwerera kukamvetsera. Ku Mua komweko Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. Koma funso limandivutabe. Mantha a mizimu asunga mitengo mibadwo ndi mibadwo. Nanga chikondi cha Mulungu chimene timachiimba Lamulungu lililonse chasunga ingati?

Chonsecho Mkatolika sapemphera ndi mawu okha. Timabatizidwa ndi madzi, timadzozedwa ndi mafuta, timapakidwa phulusa pachipumi, timanyamula kanjedza, ndipo paguwa pamakhala mkate ndi vinyo, zimene zinayamba zili mbewu m'munda wa munthu wina. Nthawi ya zopereka amayi amabwera akuvina ndi malichero a ufa, mazira, nthochi, nkhuku yomangidwa miyendo. Chaka cha chilala malichero amapepuka, ndipo tchalitchi chonse chimaona. Papa Francis anamwalira pa 21 Epulo 2025, ndipo wolowa m'malo mwake, Leo XIV, anatsogolera Misa yapadera yopempherera chilengedwe ku Castel Gandolfo mu Julayi chaka chomwecho. N'zabwino, koma amayi a malichero aja akhala akubweretsa chilengedwe paguwa kuyambira kale osadikira kalata. Kwa ine kutsitsimuka kunayamba pamene Misa inasiya kukhala kothawira zinthu za mkati mwa sabata. Tsopano ndimalowa nazo zonse, zimene ndagula, kwa amene ndagula, mmene ndamulipirira. Pemphero lotere silikoma ngati la usiku wonse lija, silikhetsa misozi, koma Lolemba likadalipo.

Mphakati wathu sunachite zodabwitsa. Amayi anaphunzira kuumba mbaula zadothi za Chitetezo, zimene zimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa. Alimi a m'tsinde mwa phiri anapangana ndi amfumu kuti asiye kuzula zitsa. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chili kale ndi mizu yakuya. Ukachipatulira mphukira n'kusiyapo ziwiri kapena zitatu, chimakula msanga kuposa mbande ya pa lole, ndipo sichifuna kuthirira. Agogo ena anatikumbutsa za msangu, mtengo umene umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, kotero kuti chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa omwe. Anadabwa kuona ophunzira ife tikulemba zimenezi m'kope.

"Ana inu, zimenezi mpaka cholembera?"

Banki m'khonde ya mphakati inabwereketsa bambo amakala aja ndalama yogulira pampu yoponda ndi miyendo yothirira kudimba. Akulima tomato ndi mpiru. Koma ikafika Januwale, ufa utatha m'nyumba, amakwerabe phiri, ndipo enafe timawagulabe. Gasi ndi wodula, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo palibe amene angauze mayi wa ana asanu kuti nyemba aziphikira mayunitsi. Chasintha n'chochepa: pa mkeka paja palibenso wonena kuti "anthu amakalawa" ngati akukamba za mtundu wina wa anthu, ndipo amene amagula thumba kwa bambo aja anasiya kuwanenerera.

Chimene chikutivuta panopa chili pakhomo pa mpingo penipenipo. Kuti komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ilembe kalata yodzudzula boma pa za malipiro, sizivuta. Kufunsa kuti mlonda wa pa parishi, wophika kunyumba ya ansembe ndi katekisiti wa kunthambi amalandira zingati, ndipo analandira liti komaliza, ndi nkhani ina. Wofunsayo amaoneka wamwano. Komatu kalata ya Leo XIII ija inkanena za malipiro oyenera, ndipo sinapatule olemba ntchito ovala mkanjo. Kwathu nkhaniyi inadya misonkhano ingapo, malipiro a alonda anakwera pang'ono, osafika pamene ayenera kufika.

Kenaka pali njerwa. Tchalitchi chathu chachepa, anthu amamvera Misa ataima pa mawindo, ndipo tinagwirizana zomanga china chachikulu. Mwachizolowezi mphakati uliwonse umaumba njerwa zake n'kuwotcha uvuni wake. Chizolowezi chimenechi n'chokongola ndithu: wopanda ndalama amapereka thukuta, ndipo akadzalowa m'tchalitchimo amadziwa kuti khoma lina ndi la manja ake. Koma uvuni wa njerwa umafuna zipika zikuluzikulu, ndipo mitengo ya msinkhu umenewo imene yatsala kwathu ndi mango a m'midzi ndi mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje. Mpingo umasunga Nyengo ya Chilengedwe kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku la Francis Woyera, ndipo kuno kwathu amenewo ndi masabata enieni amene mauvuni amafuka. Boma lenilenilo linaika malamulo mu 2018 oti nyumba zaboma ndi zamalonda zisamangidwenso ndi njerwa zowotcha. Ndiye pa msonkhano wa bungwe la parishi enafe tinati tigule mabuloko a simenti.

"Achimwene," anatero msungichuma atandiyang'ana, "mabuloko anuwo agula ndani? Miphakati ya kumudzi ili ndi dothi ndi manja, simenti ilibe. Mukufuna tchalitchi chimangidwe ndi a m'tauni okha, osauka azingobwera kudzakhala ngati alendo?"

Ananena zoona, ndipo anandimenya ndi ndodo yanga yomwe ya chilungamo. Mayi wina wa Legio anafunsa ngati sitingamange chaching'ono n'kuwonjezera Misa. Bambo Mfumu, amene ali kale ndi nthambi zambiri zoyendera pa njinga yamoto, anangopumira m'mwamba. Mnyamata wina amene anaphunzira zomangamanga ananena za makina opanikizira njerwa zosafuna moto: a kumudzi abwere ndi dothi ndi manja monga kale, a m'tauni asonkhe simenti yochepa yosakanizira ndi ndalama yobwerekera makinawo. Ena anati njerwa zotere sanazionepo pa tchalitchi, ndipo sakufuna nyumba ya Mulungu ikhale yoyeserapo. Tinabalalika dzuwa litapendeka tisanamange mfundo.

Pakadali pano miphakati iwiri yaumba kale njerwa zake, zauma, ndipo ikufuna kudziwa ngati iyatse moto kapena ayi mvula isanagwe. Msonkhano wina uli Loweruka likudzali. Msungichuma wandiuza kuti ndibwere ndi masamu, ulaliki ndisiye kunyumba.